Phazi la a Biswick pa Kona ya Kunyanja

Nsapato zonse za amuna anga, malemu a Biswick Chilambe, zinkayamba kutha ya kumanzere. Ya kumanja inkakhala idakali yolimba, inzakeyo itaperepeseka kunsi ngati wina waipala ndi tupa. Sikuti ankatsimphina ayi. Chinkadya nsapatozo ndi njinga yamoto.

A Biswick anabadwira ku Kasungu, ndipo ntchito yawo yoyamba inali ya ulangizi wa zaulimi. Boma linawapatsa kanjinga kamoto kofiira koti aziyendera alimi a fodya. Kusukulu yoyendetsa sanapiteko. Anawaphunzitsa ndi mlangizi mnzawo, masana amodzi, pabwalo la mpira. Misewu ya kumeneko ndi ya mchenga, ndiye malangizo anali awiri okha. Loyamba, ukafika pokhota tulutsa mwendo, phazi lizikhwekhwereza pansi kuti njinga ikaterereka uigwire. Lachiwiri, maso azikhala patsogolo pa tayala, chifukwa m'pamene pamatulukira dzenje, mbuzi kapena mwana. Mwendo wa kumanja unkakhala pa buleki, choncho wa kumanzere ndi umene unkatuluka kwambiri. Ndi malangizo amenewa anayenda zaka zambiri osathyokapo fupa. Ine ndinawadziwa akubwera kwathu kudzaona nazale ya bambo anga. Titakwatirana ndinkakhala kumbuyo kwawo chammbali, ndipo ndinazolowera kumva phazi lija likukanda mchenga pa kona iliyonse.

Anabwera ku London mu 2001. Ine ndi mwana wathu Khumbo tinawatsatira patatha zaka ziwiri. Tinkakhala ku Peckham, pamwamba pa shopu yogulitsa nsomba zouma ndi makhadi a foni. Ine ndinapeza ntchito yosamalira okalamba ku Croydon. Iwo, munthu amene ankaphunzitsa anthu kufesa fodya, analembedwa ntchito yonyamula katundu panjinga yamoto: timabotolo ta magazi ndi timaphukusi, kuchoka chipatala china kupita china, wailesi ili paphewa ikuwauza kolowera. Mu London mulibe mchenga, koma muli mabasi, zitseko za matakisi zotseguka mwadzidzidzi, ndi anthu owoloka msewu maso ali pa foni. Maso a ku Kasungu aja anawathandiza kwambiri. Phazi nalo silinasiye khalidwe lake. Linkatuluka pa kona iliyonse, mvula kaya dzuwa, mpaka anzawo a kuntchito anawapatsa dzina lachingerezi lotanthauza wopalasa bwato. Iwo ankangoseka. Tsiku lina m'mawa lole inatayira dizilo pamsewu, njinga ziwiri zinagwa, koma yawo anaigwira ndi phazi lomwelo. Madzulo anandionetsa nsapato n'kunena kuti anyamata aja aziseka choncho.

Sanali munthu wa mawu ambiri. Kutchalitchi ankaimba besi, ataima mzere wakumbuyo. Loweruka masana ankatsuka njinga ndi kamswachi kakale, akung'ung'uza nyimbo. Ine sanandikwezepo mu London. Ankati misewu ya kuno siifuna munthu wa mitima iwiri. Chimene ankachikonda, ndipo anthu ambiri sankachidziwa, chinali mpikisano wa njinga pa TV. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ankakhala pasofa, tayi asanavule, mawu a TV atatsitsa. Okwera aja akamakhota, iwonso ankapendekeka pasofapo osadziwa. Khumbo ankawaseka m'Chingerezi, iwo n'kumuyankha m'Chichewa.

"Taonani anthu awa, amake Khumbo," ankatero. "Njinga yagona chonchija, koma mapazi ali pamalo pake. Palibe ndi mmodzi yemwe amene akuopa pansi."

Mu 2006 miyendo yawo inayamba kutupa. Anali ndi shuga kwa zaka zingapo, ndipo madokotala anapeza kuti impso zatopa. Anati nyengo yozizira isanafike adzawapanga opaleshoni pamkono, kenako aziwalumikiza ku makina otsuka magazi katatu pa sabata. Za ntchito ya njinga anati aiwale. A Biswick anamva zonsezo atakhazika chipewa chawo cha panjinga pamaondo. Anathokoza dokotala, anandiperekeza pokwerera basi, n'kubwerera kukamaliza shifiti.

Zakukhosi anakauza a Reinford, mnzawo wokonza njinga pansi pa mlatho wa sitima ku Peckham komweko. A Reinford anabadwira pafamu ku Zimbabwe, koma agogo awo anachokera ku Dedza, ndipo Chichewa chawo chinali chosakaniza, chothamanga. Ndi a Reinford amene anati kuli mabwalo a mpikisano kumene masiku ena amalola munthu wamba kulowa ndi njinga yake, osati kudzapikisana, koma kudzathamanga mmene angathere. Lina linali ku Wales, m'mphepete mwenimweni mwa nyanja yamchere. Anawalembetsa tsiku lina la mu Seputembala, opaleshoni itatsala pang'ono.

Ine sindinakondwe nazo, koma kutsutsa munthu sindidziwa. Ndinangofunsa kuti nanga akakagwa.

"Kugwa ndagwapo, mumchenga ndi pa tala pomwe," anatero. "Zaka zonsezi ndayendetsa njinga ngati munthu woyembekezera tsoka. Ndikufuna ndikhote kona imodzi osaponda pansi. Imodzi yokha. Kenako akandimangirire ku makina awowo."

Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, ndipo Khumbo tinamusiya kwa mayi wina wa kutchalitchi. Zovala zachikopa, zimene bwalolo linkafuna, anabwereka kwa kasitomala wa a Reinford. Nsapato zokha anagula zatsopano, majombo akuda ofika pansi pa bondo, chifukwa mapazi otupawo sankalowanso mu zakale.

Tinanyamuka pa vani ya a Reinford, njinga itamangidwa kumbuyo. Ulendo unali wautali. A Reinford analankhula njira yonse, za injini, za mvula ya ku Wales, za mkazi amene anawathawa. A Biswick ankangovomera, maso ali pawindo. Tinakagona kufupi ndi bwalolo, m'mawa n'kulowa.

Bwalolo si bwalo ngati la mpira. Ndi msewu wa tala wosalala, wokhotakhota, umene umakwera kaphiri, kutsika, n'kubwereranso pomwe unayambira. Mbali ina kunali nkhosa zikudya msipu, osalabadira phokoso. Mbali inayo dziko linkangothera pa matanthwe, kunsi kwake madzi otuwa akuwinduka. Mphepo yake inali ya fungo la mchere ndipo inkalowa m'mafupa. Ndinatulutsa m'chikwama chitenje changa cha maluwa akuluakulu a olenji n'kufunda pamwamba pa jekete, ngakhale ndinkadziwa kuti ndikuoneka wachilendo pakati pa anthu ovala zakuda okhaokha.

Asanalowe, oyang'anira anayendera njinga iliyonse. Atafika pa ya a Biswick anamata ndi tepi magalasi oonera kumbuyo. A Biswick anadabwa kwambiri. Anauzidwa kuti kuno za kumbuyo si zawo, wofuna kupitirira ndi amene amasamala.

"Mdala, lero akuchotsani maso a kunkhongo," a Reinford anatero. "Ngati pali amene munamulakwira ku Kasungu, akupezani lero."

A Biswick sanaseke. Anangogwiragwira tepiyo ndi chala.

Oyang'anira aja anawafotokozeranso za mbendera zosiyanasiyana. Imene ndinaisunga m'mutu ndi yakuda: akakulozera iwe, ndiye kuti walakwitsa, utuluke ukamve mlandu wako. Okwera anawagawa m'magulu. Gulu lililonse linkalowa kwa kanthawi, kutuluka, kupuma, n'kudzalowanso. A Biswick anali m'gulu la ongoyamba kumene, limene linali ndi mphunzitsi wake, mzungu wachikulire wa ndevu zoyera, dzina lawo a Roy.

Ine pagulu ndimachita manyazi, ndiye ndinayenda motsatira mpanda mpaka ndinapeza kachitunda kopanda munthu. Ndinazindikira pambuyo pake kuti ndaima pa kona yovuta kuposa zonse. Okwera ankatsika kaphiri molunjika kunyanja, ngati akufuna kukadziponya m'madzi, kenako msewu unkakhotera kumanzere mwamphamvu n'kudzadutsa kunsi kwa kachitundako.

Ndinawazindikira ndi chipewa chawo choyera cha kuntchito. Anatsika bwino. Atangofika pokhota, mwendo uja unatuluka, phazi likulendewera pamwamba pa tala. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Bambo wa mbendera amene anali m'kanyumba pafupi nane analankhula pa wailesi, ndipo posakhalitsa a Biswick anawalozera mbendera yakuda.

A Roy anawafotokozera modekha kuti pa liwiro limeneli phazi likakhudza tala, mwendo umathyoka ngati nzimbe, kapenanso wobwera kumbuyo akhoza kuuwomba. A Biswick anapepesa. Atalowanso anapirira maulendo awiri, thupi lonse litauma gwa, koma wachitatu phazi linatulukanso pa kona yomweyo. Mbendera yakuda kachiwiri. Ulendo uno anawaitanira kwa mkulu wa bwalo, mayi wosaseka, amene anati alibe nawo chifukwa, koma sangalole kuti munthu avulale iye akuona. Phazi likatulukanso kamodzi, tsiku lawo latha.

Masana tinakhala m'vani, chitseko chili chotsegula. Ndinali nditakonza mpunga ndi nkhuku yopanda mchere, koma iwo sanadye. Ankangoyang'ana mwendo wawo ngati mwana amene wawachititsa manyazi pagulu. Nkhope inali itatuwa, ndipo ndinkaona kuti mphamvu zotsala ndi zolowa kamodzi kokha. Tsiku lina loti n'kudzabweranso panalibe.

"Tingolimanga ndi tepi yomwe ija, mdala," a Reinford anatero. "Yatsala yambiri."

"Mumange mutuwu," a Biswick anayankha. "Phazi lilibe mlandu."

A Roy anabwera ndi kapu ya tiyi m'manja, anakhala pakhomo pa vani, n'kufunsa kumene a Biswick anaphunzirira kuyendetsa. Iwo anafotokoza za mchenga wa ku Kasungu, za mbuzi, za ngolo zotulukira m'chimanga. A Roy anamvetsera osaseka, ndipo anati kumeneko iwonso akanachita chimodzimodzi. Kenako anati anawatsatira kumbuyo m'mawa wonse, ndipo vuto silinali mwendo koma maso. A Biswick ankayang'ana pansi, patsogolo pa tayala, kufunafuna chinthu chimene kulibe. Msewu uno anausesa m'mawa. Mulibe mbuzi, mulibe dzenje, palibe amene atsegule chitseko. Njinga imapita kumene maso apita, ndiye maso aziyang'ana kumene kona ikuthera.

A Biswick anati anayesa, koma akadzutsa maso ankangoona madzi okhaokha, ndipo mwendo unkatuluka wokha. A Roy anati asayang'ane madziwo. Apeze chinthu chimodzi chimene chili kumapeto kwa kona, atembenuzire mutu wonse kumeneko, asachisiye mpaka atachidutsa.

A Roy atachoka, a Biswick anatenga chipewa chawo. Ine ndinali nditaganiza kale kuti sindibwereranso kumpanda kuja. Mtima wanga sukanatha kuionanso mbendera ija.

"Amake Khumbo, m'mawa muja munaima pati?"

"Pakachitunda paja."

"Ndinaona ngati chitenje chanu, chakumbali kwa diso." Anayamba kumanga chipewa. "Kaimeninso pomwepo. Mphepo ivute bwanji, musasunthe. Ndipo chitenjecho musavule."

Ndinapita. Panali patabwera anthu ena ndi makamera awo, moti ndinachita kupempha malo kutsogolo, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo m'dziko lino. Anandipatsa. Ndinagwira waya wa mpanda ndi manja onse awiri.

Gulu lawo linalowa. Zinadutsa njinga za anyamata, zobangula ngati ndege. Kenako chipewa choyera chinatulukira pamwamba pa kaphiri. Ankatsika mothamanga kuposa m'mawa. Nditaona kuti afika pokhota ndinafuna kutsinzina, koma ndinakumbukira kuti andiuza kuti ndisasunthe, ndipo ndinaona ngati kutsinzina nakonso ndi kusuntha. Mutu wawo unadzuka. Unatembenuka pang'onopang'ono kuchoka kunyanja, mpaka galasi lakuda la chipewa linalunjika pa ine. Nkhope sindinkaiona, koma ndinadziwa kuti akundiyang'ana. Bondo la kumanzere linanjenjemera. Chidendene chinanyamuka pang'ono pa chopondera. Bambo wa mbendera anasendeza wailesi kukamwa.

Chidendenecho chinabwerera pamalo pake. Njinga inapendekeka, inapendekekabe, mpaka ndinaona pamwamba pa thanki, n'kuzungulira kona yonse mosalala ngati ikuyenda pa njanji. Inadutsa kunsi kwanga, inadzuka, n'kupita. Bambo uja anatsitsa wailesi.

Anabweranso, kenako anabweranso. Sindinawerenge maulendo ake. Ulendo uliwonse mutu unkatembenuka msanga, njinga inkagona kwambiri. Sindinganame kuti ankathamanga kuposa onse. Anyamata ankawapitirira ndithu, ndipo iwo anapitirira munthu mmodzi yekha, bambo wonenepa wa njinga yobiriwira. Chakumapeto ndinamva kaphokoso kokhwekhwereza pakati pa kona. Ndinayang'anitsitsa, koma phazi linali pa chopondera. Mbendera yakuda sinatuluke. Inatuluka ya timabokosi takuda ndi toyera, yosonyeza kuti nthawi yatha.

Nditafika kuvani ndinawapeza adakali panjinga, injini atazimitsa, chipewa asanavule. Mapewa ankagwedezeka. A Reinford, amene pakamwa pawo sipankatseka, anali atatembenukira kumbali, akukonzakonza zingwe zosafunika kukonza. A Roy anafika, anagogoda chipewa ndi chala, n'kuloza nsapato ya kumanzere. Kunsi kwake kunali kwatsopano ngati mmene inachokera m'shopu. Koma chammbali, cha pa chala chaching'ono, chikopa chinali chitapalika, panali kamzere koyera. Njinga inali itagona mpaka nsapato inakhudza tala ili pa chopondera.

Atavula chipewa anandiyang'ana, maso ofiira.

"Kodi nyanja ija inalipobe? Sindinaionenso."

Ndinati inalipo.

Gulu lawo linali ndi mwayi wolowanso, koma iwo anati zakwana. Anadya mpunga uja wozizira, anagona m'vani nsapato ali chivalire, mpaka tinalowa mu London.

Opaleshoni inachitika mwezi wotsatira. Njinga inatsala kwa a Reinford, ndipo a Biswick sanakwerenso. Anakhala pa makina aja zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Masiku ena ankabwerako ofooka moti masitepe a kunyumba ankakwera akupumira panjira, koma sanadandaulepo pamaso panga. Nthawi yozizira ankavala majombo aja popita kuchipatala pa basi, ndipo manesi onse a kumeneko anaonetsedwa kamzere kaja, ena kangapo. Mpikisano pa TV ankaonerabe, koma anasiya kunena za mapazi a anthu. Ankangoti, "Taonani mutu wa uyo, amake Khumbo. Waona kale kumene akupita."

Anamwalira mu Febuluwale 2009. Amalawi a ku London ndi a kutchalitchi anagwirana manja, ndipo thupi tinapita nalo ku Kasungu. A Reinford anatiperekeza ku bwalo la ndege, ndipo njira yonse sanalankhule.

Maliro atatha, abale anasonkhana kugawana zovala za malemu monga mwa mwambo. Ndinali nditabweretsa sutikesi yodzaza. Ine ndinakhala pamphasa mbali ya amayi, mutu wowerama, chifukwa pamenepo mkazi wamasiye salankhula. Masuti anapita kwa amalume, majekete kwa ana a alongo awo. Majombo anapatsidwa kwa mng'ono wawo, a Paterson, amene ali ndi kanjinga kamoto koyendera za mpingo. Anawatembenuza, ndipo anakondwa kuona kuti kunsi kudakali kolimba, konse kuwiri mofanana. Kenako anapeza kamzere kaja. Anati apita nawo kwa wosoka nsapato kumsika kuti akamatepo kachikopa.

"Alamu, pamenepo musamatepo kanthu."

Mawuwo anatuluka ndisanaganize. Anthu onse anatembenuka. Apongozi anga anandiyang'anitsitsa, ndipo a Paterson anafunsa mwaulemu chifukwa chake. Ndiye ndinafotokoza, maso ali pamphasa: za msewu wa m'mphepete mwa nyanja, za magalasi omatidwa, za mbendera yakuda, za phazi. Sindikudziwa ngati onse anamvetsa chifukwa chimene munthu wodwala angapitire kutali chonchija kukazungulira msewu wosapita kulikonse. Koma palibe amene anandidula mawu. A Paterson anasisita kamzereko ndi chala chachikulu, n'kunena kuti amva.

Tsiku limene ndinkanyamuka kubwerera ku London a Paterson anabwera kudzatsanzikana nane atavala majombowo. Akubwerera pa kanjinga kawo kaja, ndinawayang'ana mpaka anafika pokhota pa mjigo, pamene pali mchenga wambiri. Mwendo wa kumanzere unatuluka, phazi likukhwekhwereza pansi. Sindinawaone kulakwa, pamenepo m'pofunikadi kutero. Kunsi kwa nsapatoyo kudzatha ngati zinzake zonse zija. Koma pa kamzere ka pambali kaja mchenga sufikapo.